Abwana akuti tichotse mitanda yapansi pa maraki kuti mapaleti ataliatali alowe

Stoko_Kalaliki:
Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndimayang'anira katundu m'shedi ya kampani ina ya zomangira. Maraki athu, mashelefu achitsulo aatali oikapo mapaleti (matabwa osanjikirapo katundu), abwana anagula ogwiritsidwa kale ntchito, kwa anthu ena omwe ankatseka bizinesi. Mizati yake ndi ya mamita 6, mitanda ndi ya mamilimita 2,700, ndipo inakolekedwa pa mamita 1.5, pa 3 ndi pa 4.5. Tsopano kwayamba kubwera katundu wina pa mapaleti otalika kupitirira mamita 2, moti pansi sakulowa. Abwana akuti Loweruka lino tingochotsa mitanda yonse ya pa 1.5 mbali imodzi, mpata wapansi ukhale wa mamita 3, basi nkhani yatha. Ine mtima sukukhazikika. China n'chakuti mtanda umodzi pomwe pali matailosi ukuchita kuoneka kuti watsika pakati. Chikwangwani chonena kulemera komwe raki inganyamule palibe, sichinabwere n'komwe. Kodi ndi mantha anga chabe?

Dalaivala_Reach:
Musachotse. Bola katunduyo agone panja ataphimbidwa ndi lona.

Chitsulo_nChitsulo:
Koma abale, mukachotsa mzere umodzi ndiye kuti mwachotsanso mapaleti atatu pa danga lililonse, mpata uja wa pakati pa mizati. Mizati ikhala ikusenza zochepa kuposa kale. Vuto lili pati? Ifetu tinachita zomwezo ndipo mpaka lero raki ili chiimire.

Injiniya_Wopuma:
A Chitsulo_nChitsulo, maganizo anuwo ndi oopsa chifukwa akumveka anzeru. Zoona, katundu wachepa. Koma mphamvu ya mzati yatsika kwambiri kuposa mmene katunduyo wachepera.

Mzati wa raki si chitsulo chochindikala ayi. Ndi lata lopindidwa, kawirikawiri la mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, lobooledwa kuchokera pansi mpaka pamwamba. Chitsulo chotere chikalemedwa sichiphwanyika, chimathawira m'mbali. Tengani rula ya pulasitiki, muiimike patebulo n'kuikanikiza pamwamba, ipinda nthawi yomweyo. Muigwire pakati ndi dzanja linalo, muona kuti yalimba. Pa raki, mitanda ndiyo dzanja limenelo. Ntchito yake si kusenza mapaleti kokha. Ndiyo imagwira mizati kuti isapindike, komanso kuti mzere wonse usapendekere mbali imodzi.

Masamu a Euler, katswiri wakale wa masamu, amati mzati wowonda ukatalika kawiri popanda chougwira, katundu woti aupinde amatsika n'kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa raki yeniyeni sizitsika ndendende choncho poti pali zitsulo zopingasa zolumikiza mzati wakutsogolo ndi wakumbuyo, ndi mapazi omangidwa pansi, koma kutsikako n'kwakukulu ndithu. N'chifukwa chake buku la wopanga maraki aliyense limayamba lafunsa kuti mtanda woyamba uli pamsinkhu wanji kuchokera pansi, kenako n'kukuuzani matani. Musaiwalenso kuti chigawo chapansi cha mzati ndicho chimasenza zonse za m'mwamba, ndiponso ndi chomwecho chimene forklift imagunda.

Chitsulo_nChitsulo:
Nanga bwanji yathu sinagwe?

Dalaivala_Reach:
Sinagundidwe bwino.

Mayi_Dispatch:
Achimwene a Chitsulo, mumaikapo chiyani pa raki yanuyo? Chifukwa ngati ndi makatoni a mababu kapena mapaipi a pulasitiki, nkhani ndi ina. Mnzathuyu akunena matailosi.

Chitsulo_nChitsulo:
Makatoni a zamagetsi. Chabwino, ndi opepukirapo. Koma ndikanenabe kuti maraki amapangidwa ndi mphamvu yapadera yosungira, sangagwe chifukwa cha mtanda umodzi.

Injiniya_Wopuma:
Mphamvu yapaderayo ilipodi, koma anaiika kuti iphimbe zinthu zomwe palibe angazipewe: pansi posalingana bwino, paleti yotsitsidwa mwankhanza, mzati wopendekeka pang'ono. Si yoti munthu aidye dala. Pa maraki akale ngati a Stoko_Kalaliki mbali ina ya mphamvuyo inadyedwa kale ndi eni ake oyamba.

Tepi_mThumba:
Ine ndilankhulepo za mtanda wotsikawo, poti ndi chinthu choti mukhoza kuyeza mawa m'mawa osadikira munthu. Mtanda uliwonse ukasenza umatsika pakati, chimenecho si chilema. Funso n'lakuti watsika bwanji. Mangani ulusi wolimba kuchokera kumapeto kwina kufika kumapeto kwina, m'munsi mwa mtandawo, muukoke uwongoke, ndiye muyeze pakati. Malamulo a ku Ulaya amalola kutsika kosapitirira utali wa mtanda mutaugawa ndi 200. Wanu wa 2,700 ndiye kuti mamilimita 13.5. Ku America amagawa ndi 180, zomwe zikupereka 15. Mukapeza zoposa pamenepo, tsitsani katundu.

Mukatsitsa yezaninso, ndipo apa ndiye pofunika kwambiri. Mtanda wabwino umabwerera mwakale. Ukatsala wokhota kupitirira utali wake mutaugawa ndi 1,000, kwa inu mamilimita 2.7, ndiye kuti chitsulocho chinapitirira malire ake ndipo sichidzabwereranso. Umenewo ndi wotaya, pamodzi n'kuyang'anitsitsa mnzake wakumbuyo.

Stoko_Kalaliki:
Zikomo a Tepi. Ndiyeza. Paja poyeza ndikwere pa mafoloko a forklift?

Mayi_Dispatch:
Ayi ndithu! Pamafoloko sipokwera munthu, ndipo raki si makwerero. Pezani khola lonyamulira munthu lomangirira ku forklift, kapena makwerero a nsanja. Mungapulumutse raki n'kuthyoka msana inuyo.

Kaunta_wa_Makatoni:
A Stoko, mwawerengetsa kale kuti paleti imodzi ya matailosiyo ikulemera bwanji? Anthu ambiri m'mashedi amangoti paleti ndi tani imodzi, ngati ndi lamulo. Onani pakatoni, kulemera kumalembedwa.

Stoko_Kalaliki:
Ndaona pa mapepala obwera ndi katundu. Makatoni 40 pa paleti, katoni iliyonse makilogalamu 28. Timaika mapaleti atatu pa danga.

Kaunta_wa_Makatoni:
Ndiye 1,120, kuphatikiza paleti yeniyeniyo, yomwe ngati ili ya mtundu wa ku Ulaya wa EPAL imalemera pafupifupi makilogalamu 25. Tinene 1,145. Atatu ndi 3,435 pa mitanda iwiri. Mitanda yambiri ya utali umenewo inapangidwira matani awiri kapena atatu. Mwaona pomwe pali nkhani?

Injiniya_Wopuma:
Ndionjezerepo pa zimenezo. Nambala yomwe imalembedwa pachikwangwani, tinene makilogalamu 3,000, imatanthauza mitanda iwiri pamodzi, wakutsogolo ndi wakumbuyo, katundu atagawidwa mofanana kuyambira kumapeto mpaka kumapeto. Sikutanthauza kuti mukhoza kuika paleti imodzi ya matani atatu pakatikati. Katundu wounjikana pakati amapinda mtanda kwambiri poyerekeza ndi katundu yemweyo atamwazikana bwino. Paleti ikakhalanso yokankhidwira mkati kwambiri, mtanda wakumbuyo umasenza zambiri kuposa wakutsogolo, ndipo zimenezi sizioneka muli m'kanjira.

Pachikwangwani pamayeneranso kukhala nambala yachiwiri, ya katundu yense wa danga limodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mitanda ikhoza kukwanitsa uliwonse payokha, mizati n'kulephera zonse zikaphatikizana.

Moto_wa_Gasi:
Zonsezi n'zotheka kukonza. Mtanda wokhota timauwongola ndi jeki, n'kuwotchererapo chitsulo cha ngodya m'munsi. Mzati timaulimbitsa chimodzimodzi. Ndagwira ntchito zotere zambirimbiri. Kugula zatsopano n'kuwononga ndalama za abwana.

Tepi_mThumba:
Madala, ulemu wanu pa zipata ndi mawindo, koma raki ayi.

Moto_wa_Gasi:
Chitsulo ndi chitsulo, mwana iwe. Ndinayamba kuwotcherera usanabadwe.

Injiniya_Wopuma:
A Moto_wa_Gasi, luso lanu palibe akulikayikira. Vuto lili m'chitsulocho. Mizati ndi mitanda ya maraki imapindidwa chitsulo chili chozizira, ndipo mbali ina ya mphamvu yake imachokera m'kupindako. Mukaika moto, pamalo pamenepo chitsulo chimasintha, ndipo poti n'chopyapyala chimakokeka n'kukhota pozizira. Mukawongola ndi jeki, diso limaona chowongoka koma pomwe chinapindikapo pamakhala pofooka, nthawi zina ndi ming'alu yaing'ono pafupi ndi mabowo. Choipa kwambiri n'chakuti mukatha ntchitoyo palibe munthu padziko amene angakuuzeni kuti raki imeneyo inyamula makilogalamu angati. Wopanga amaikana, injiniya sangaisainire, ndipo tsiku la ngozi a inshuwalansi chinthu choyamba kujambula ndi pomwe mwawotchererapo. Zida zokonzera mizati zilipo, zodula chigawo chowonongeka n'kumangirapo china ndi mabawuti, koma zimabwera ndi masamu ake ndipo amaika katundu atatsitsidwa.

Moto_wa_Gasi:
Ndamva. Komabe zotchingira mizati zija ndimapanga ndine, ndipo palibe anadandaulapo.

Dalaivala_Reach:
Zimenezo pangani madala, tikuzifuna zambiri. Mungozimangira pansi pazokha, zisakhudze mzati. Ndinaonapo kwina ataziwotcherera ku mzati weniweniwo, ndiye ukagunda chotchingira wagundanso raki.

Mayi_Dispatch:
Poti tafika pa zogunda, ndinene zomwe zimandipweteka mtima. Mashedi ambiri woyendetsa forklift akagunda mzati amadulidwa malipiro. Zotsatira zake n'zodziwikiratu: palibe amanena. Munthu amagunda usiku, amaika paleti patsogolo pake kuti pasaoneke, m'mawa onse ali chete. Kwathu tinasintha. Wonena yekha nthawi yomweyo salangidwa, wobisa ndiye amaona zakuda. Mwezi woyamba abwana anadabwa kuti ngozi zachuluka, pomwe zinali zomwe zija, kungoti tsopano zikulembedwa.

Dalaivala_Reach:
Amayi mwalankhula. Onjezanipo kuti amatipatsa malole oti titsitse mothamanga, kanjira n'kopanikiza, kenako tikagunda akuti ndife osasamala. Forklift wamba ija yolemera kumbuyo imafuna kanjira ka mamita 3.5 kapena 4 kuti itembenuke ndi paleti. Reach truck, forklift ija yotambasula mafoloko kutsogolo, imakwana pa mamita atatu kapena kucheperapo pang'ono. Koma upeza munthu wapanikiza maraki kuti awonjezere mzere umodzi, makina ndi akale omwe aja. Mizati ya kumapeto kwa kanjira ndiyo imalipira.

Bwana_Mkubwa_Ayi:
Inunso madalaivala musadziyeretse. Ena mumayenda mafoloko ali m'mwamba, foni ili kukhutu.

Dalaivala_Reach:
Alipo otero, sindikana. Koma ngakhale dalaivala wabwino bwanji sangatembenuze makina a mamita anayi m'kanjira ka mamita atatu.

Tepi_mThumba:
Kwa amene akufuna kudziwa kuti mzati wogundidwa ndi woopsa liti, njira yake ili mu malamulo a ku Ulaya osamalira maraki otchedwa EN 15635 ndipo siyovuta. Tengani chitsulo chowongoka cha mita imodzi, muchigoneke pamzati mbali yomwe yalowa mkati, pokhotapo pakhale pakati, ndiye muyeze mpata. Mzati ukakhotera mkati mwa raki kapena kunja, kutsata zitsulo zopingasa zija, malire ndi mamilimita 3. Ukakhotera m'mbali, kutsata mitanda, malire ndi 5. Zitsulo zopingasazo malire ake ndi 10.

Zikakhala m'kati mwa malire, mumalemba n'kumaziyang'anira, umenewo ndi mtundu wobiriwira. Zikapitirira koma osafika kawiri, ndi wachikasu: katundu akachoka pamenepo musaikenso wina, ndipo mukonze pasanathe masabata anayi, apo ayi zimasanduka zofiira. Zikafika kawiri kapena kuposa, n'zofiira: tsitsani katundu pompo, tsekani malowo. Mzati wong'ambika kapena wopotoka suchita kuyezedwa.

Mamilimita atatu ndi ochepa kwambiri, anthu amaseka ukawaonetsa. Koma mzati wosenza ukangokhota pang'ono, katundu yemweyo ndiye amapitiriza kuukhotetsa.

Stoko_Kalaliki:
Ndikayeza choncho ndikuopa kuti theka la shedi likhala lofiira.

Mayi_Dispatch:
Ndiye kuli bwino mudziwe lero.

Mlonda_Usiku:
Pepani ndilowetse yanga. Kwathu timapini tija ta pamitanda tambiri tinasowa, anyamata anaikamo misomali yopinda. Zili ndi kanthu?

Tepi_mThumba:
Kapini kaja sikasenza katundu. Ntchito yake ndi yoti dalaivala akakweza paleti mopitirira n'kugunda mtanda wapamwamba, mtandawo usatuluke m'mabowo. Popanda pini, mtanda umanyamuka ndi mapaleti ake onse n'kutsikira pamutu pa dalaivala. Msomali umagwa wokha ndi kugwedezeka, ndipo mphamvu yake siyodziwika. Mapini ndi chinthu chotchipa kuposa china chilichonse pa raki, gulani thumba lonse a mtundu wa raki yanuyo.

Paleti_Yabuluu:
Anthu mukuiwala mapaleti enieniwo. Raki ikhoza kukhala yatsopano, koma paleti yothyoka thabwa lapansi ikakhala pamitanda iwiri imangotseguka pakati. Pansi paleti yoola imagwira ntchito chifukwa simenti ikuigwira paliponse. M'mwamba imagwiridwa malo awiri okha. Kwathu paleti yosweka kapena yotuluka misomali sikwera.

Kukula kwakenso n'kofunika. Ya ku Ulaya ndi 1,200 kwa 800, ina yofala ndi 1,200 kwa 1,000, ya ku America ndi mainchesi 48 kwa 40, ndipo ku Asia kuli ya 1,100 mbali zonse. Mtanda wa 2,700 si nambala yongolota: mapaleti atatu a 800 ndi 2,400, kuphatikiza mipata inayi ya mamilimita 75, yakwana 2,700. Mukakakamiza mapaleti a kukula kwina, mpata uja umatha, dalaivala amayamba kukhula mizati. Raki yakuya 1,100 anaipangira paleti ya 1,200 kuti itulukire mamilimita 50 kutsogolo ndi kumbuyo. Muikepo yaifupi muone mmene imatsalira pang'ono kugwera mkati.

Kaunta_wa_Makatoni:
Funso lapambali a Paleti. Chidindo cha HT pamapaleti ena chimatanthauza kuti ndi olimba kwambiri?

Paleti_Yabuluu:
Ayi, chimenecho ndi cha tizilombo. Lamulo la ISPM 15 limafuna kuti matabwa odutsa malire a mayiko atenthedwe mpaka mkati mwake mufike madigiri 56 kwa mphindi 30, kuti tizilombo ta m'mitengo tisafalikire. HT ndi kutenthako. Mukaona MB ndiye kuti anafukiza ndi mankhwala a methyl bromide, amenewo musasonkhere moto. Pa za mphamvu chidindocho sichinena kanthu.

Chitsulo_nChitsulo:
Mapulasitiki ndiye abwino, saola.

Paleti_Yabuluu:
Saola, koma amaterera pachitsulo, ndipo ena amawerama pang'onopang'ono akakhalitsa pamitanda ndi katundu wolemera, makamaka kukatentha. Muzifunsa ngati anapangidwira raki. Ambiri opepuka aja ndi a pansi basi.

Mayi_Dispatch:
Tabwererani kwa mnzathu, Loweruka likuyandikira. A Stoko, abwana simungangowauza kuti ayi, muwapatse njira ina. Ine ndikuona zitatu. Mapaleti ataliwo akhale pansi pamalo opanda raki, mujambule mizere ndi penti. Kapena muzichotsa mzere wapamwamba wa makatoni polandira kuti paleti ifupike, ngakhale ndi ntchito yowonjezera. Kapena, ngati ndi opepuka, akwere pamzere wa pa 4.5 pomwe kulibe mtanda pamwamba pake, matailosi atsike pansi pomwe ndi malo ake enieni.

Dalaivala_Reach:
Yachitatuyo muyambe mwaona kachitsulo kolembedwa pa forklift. Makina olembedwa matani 2.5 sanyamula matani 2.5 mpaka kumwamba. Akamakwera mphamvu imatsika, ndipo katundu akatalika kapena kulemera kwake kukakhala kutali ndi tsinde la mafoloko imatsikanso.

Ozimitsa_Moto:
Muyang'anenso kudenga. Paleti ya mamita opitirira awiri pamwamba pa 4.5 ikufika pafupifupi mamita 7. Ngati muli ndi mipopi yozimitsa moto ya kudenga, pamafunika mpata wosachepera mamilimita 450 pakati pa katundu ndi kamutu kotulutsa madzi, ndipo mitundu ina imafuna woposa pamenepo. Kupanda kutero madzi samwazika.

Chinanso chomwe ndimachiona kawirikawiri: maraki awiri otsamirana misana amayenera kusiya mpata pakati pa katundu, pafupifupi mamilimita 150, wotseguka kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kutentha kumakwera m'menemo n'kukatsegula mipopi msanga, madzi n'kutsikira momwemo. Anthu amakankha mapaleti mpaka kugundana, kapena kuyala mapulaiwudi pamitanda kuti tizinthu tisagwe. Pamenepo mwafolera moto denga. Ngati mukufuna poyala, ikani mawaya olukana aja, madzi amadutsa.

Bwana_Mkubwa_Ayi:
Nonse mukuyankhula ngati ndalama zimatoledwa. Ine ndili mbali ya abwana. Kampani yaing'ono singaitane injiniya nthawi iliyonse ikafuna kusuntha mtanda. Mitandayo anaipanga yosunthika dala, mabowo ali mzati wonse.

Injiniya_Wopuma:
Mfundo yanu ndi yomveka, ndipo sindikunena kuti mtanda susunthidwa. Umasunthidwa, koma ndi buku la wopanga m'manja. Amene ali ndi buku amangotsegula n'kuona kuti mtanda woyamba ukakhala pa mamita akutiakuti, danga linyamula zakutizakuti, n'kusintha chikwangwani. Sizilira injiniya. Vuto la a Stoko_Kalaliki n'lakuti alibe buku, alibe chikwangwani, ndipo sakudziwa ngati zitsulozo n'za wopanga mmodzi. Kuitana munthu kamodzi kuti ayeze makulidwe a chitsulo ndi kuwalembera nambala si kuwononga. Malamulo a ku Ulaya omwewo amati katswiri aziyendera maraki pasanathe miyezi 12 iliyonse, ndipo pakhale munthu mmodzi wa pamalopo wodziwika ndi dzina amene amayendera sabata ndi sabata n'kulemba.

Raki ikagwanso sigwa danga limodzi. Mizati ndi yogawana, mitanda ndi yolumikizana, ndiye mzati umodzi ukagonja umakoka anzake mpaka kumapeto kwa mzere, nthawi zina n'kukankha mzere woyandikana nawo. Amene ali m'kanjira sapeza mpata wothawa.

Bwana_Mkubwa_Ayi:
Kamodzi ndavomera. Chaka chilichonse tikambirana.

Simenti_Yapansi:
Palibe watchula pansi. A Stoko, onani mapazi a mizati. Ali ndi mabawuti olowa mu konkire? Maraki ogula kwa ena nthawi zambiri amangoimikidwa poti oika akuthamangira kwina. Phazi lililonse limangidwe, ndipo bawuti isakhale m'mphepete mwa mzere wodula konkire chifukwa imabenthula. Pomwe pansi patsika amaikapo timbale tachitsulo tofanana ndi phazilo, osati zibenthu za matabwa kapena makatoni opinda. Katundu yense wa danga amatsikira pa kaphazi kosaposa chikhatho, matani angapo pamalo amodzi. Pa phula kapena pa njerwa zoyala, phazi limamira pang'onopang'ono ndipo raki imayamba kupendekeka. Mangani chingwe ndi kamwala kuchokera pamwamba muone. Ku America malire ndi theka la inchi pa mafiti 10 aliwonse, raki itasenza.

Stoko_Kalaliki:
Ndabwera ndi zomwe ndapeza. Mtanda uja uli ndi katundu unatsika mamilimita 19. Tatsitsa matailosi, watsala wokhota ndi 6. Ndaulemba ndi penti yofiira pamodzi ndi mnzake. Mabawuti alipo pamizati yakutsogolo yokha. Chomwe chandiopsa kwambiri n'chakuti mitanda si yamtundu umodzi. Ina zokowera zake n'zitatu, ina zinayi, ndipo ina sikhala bwino m'mabowo, imagwedera ukaikankha ndi dzanja. Pamzati ndapeza chidindo cha wopanga, ndawatumizira zithunzi. Abwana nditawaonetsa ulusi ndi tepi anangoti kukamwa yasa. Za Loweruka zaimitsidwa, mapaleti ataliwo tawapezera malo pansi pafupi ndi khomo.

Tepi_mThumba:
Yogwederayo itsitseni katundu lero lomwe. Mtanda wa kampani ina ukhoza kulowa m'bowo la mzati wa kampani ina, koma zokowera sizigwira mokwanira, mwina chimodzi chokha ndicho chikusenza. Ndipo polumikizira pamenepo ndi pomwe pamaletsa raki kupendekeka.

Moto_wa_Gasi:
Mitanda yotayayo musagulitse kwa a zitsulo zakale ili yathunthu. Iduleni pakati, apo ayi mudzaipeza pa raki ya munthu wina itapakidwa penti yatsopano.

Mayi_Dispatch:
Apa ndiye mwanena zoona madala.

Sopo_ndi_Mankhwala:
Ndaitsatira nkhaniyi mwachidwi, ndifunseko yanga. Tikufuna kuwonjezera malo osakulitsa shedi. Wogulitsa wina akutiuza za drive-in, akuti tichotsa tinjira tambiri. Katundu wathu ndi mankhwala otsukira, ali ndi masiku otha ntchito, mitundu yake ndi yambiri.

Kaunta_wa_Makatoni:
Drive-in sikuyenerani. Mmenemo forklift imalowa mkati mwa raki, mapaleti amakhala panjanji motsatizana, ndipo yolowa pomaliza ndiyo imatuluka poyamba. Yoyamba ija imakhala kumapeto mpaka msewu wonse uthe. Ndi yabwino kwa amene ali ndi katundu wamtundu umodzi wochuluka, wosatha ntchito msanga. Inu muli ndi mitundu yambiri, ndiye msewu uliwonse ukhala ndi mtundu umodzi, theka lake lopanda kanthu, ndipo malo omwe mumati mwapindula abwerera pomwepo. Kugunda mizati kumachulukanso poti makina akuyenda mkati mwenimweni.

Paleti_Yabuluu:
Ya masiku otha ntchito ndi ija ya mawilo otsetsereka, mumaika mbali ino paleti n'kutsetserekera mbali inayo, yoyamba kulowa n'kukhala yoyamba kutuluka. Koma ndi yodula, ndipo imadana ndi mapaleti oipa. Thabwa limodzi lolendewera, msewu wonse waima, wina ayambe kuganiza zokwera kukaikankha. Raki ya push-back, yomwe paleti yatsopano imakankhira inzake mkati, nayo ndi yolowa pomaliza kutuluka poyamba, kungoti forklift silowa mkati.

Dalaivala_Reach:
Ngati denga lanu lili patali, kwerani m'mwamba ndi raki wamba yomweyo, paleti iliyonse muziifikira. Tinjira topapatiza ta mamita osakwana awiri tiliponso, koma timafuna makina akeake ndi pansi posalala kwambiri, chifukwa kupendekeka pang'ono pansi kumakula mafoloko akafika mamita 10.

Sopo_ndi_Mankhwala:
Denga lili pa mamita 9, maraki athu amathera pa 5. Forklift ndi yomwe singafike.

Dalaivala_Reach:
Ndiye musagule maraki a mtundu wina, funsani za reach truck ndi mizati yaitali. Muyambe mwaitana a Simenti_Yapansi akuuzeni ngati konkire yanu ingalole.

Simenti_Yapansi:
Pezani mapulani a nyumbayo muone makulidwe a konkire. Akasowa, timaboola kachibowo pakona n'kuyeza.